Kodi sayansi yamulemera mwana, kapena ndi zina zimene tamusenzetsa?

 A ku Petauke boma, a kwa Kalindawalo, a ku Minga, a ku Nyimba, a ku Kacholola, a kwa Ndake ndi kwa Luembe, mpaka kutsikira ku mlatho wa Luangwa, tamverani. Inu amene muli kudimba, inu amene muli pamsika, ndi inu amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, senderani pafupi. Lero tikamba za ana athu amene tinawatumiza ku makoleji ndi ku mayunivesite kukaphunzira sayansi. Funso lathu ndi limodzi: tingadziwe bwanji kuti maphunziro amulemera mwana mopitirira muyeso?

Nkhaniyi imafika pakhomo kudzera pa foni. Papita miyezi iwiri kapena itatu chikwerere mwana basi ya ku Lusaka, ndiye usiku wina foni ija ikulira. "Amama, kuno zavuta. Sindikugona. Tesiti ya masamu ndalephera, ya kemisitiri ndalepheranso." Amene akulankhulayo ndi mwana yemwe uja ankatsogola m'kalasi kuyambira ku pulayimale, yemwe aphunzitsi ankamutchula pa asembule, yemwe mudzi wonse unayamba kale kumuitana kuti adokotala.

Pamenepo pakhomo pamatuluka mayankho awiri. Abambo kapena amalume amati, "Limba mtima iwe. Tinagulitsa ng'ombe kuti upite kumeneko, usatichititse manyazi." Amayi amati, "Ngati zakukanika bwerako mwanawe, usakatifere kutali." Onsewa akulankhula mwachikondi, koma onsewa ayankha asanayeze. Wina waganiza kuti ndi ulesi, wina waganiza kuti ndi mapeto, ndipo palibe amene wafunsa kuti chikulemeracho n'chiyani kwenikweni.

Anthu a ku Nyimba amadziwa bwino kuti mikoko ya nthochi pa njinga siyezedwa ndi maso. Mikoko yomweyo imene imapepuka pa msewu wosalala imamutsitsa munthu pa chikweza cha ku Kacholola, ndipo ngati matayala alibe mpweya, imamutsitsa ngakhale pamalo athyathyathya. Wanzeru amayang'ana zitatu: katunduyo, njingayo ndi msewuwo. Ifenso lero tiyeza chimodzimodzi, ndipo miyeso yathu ikhala inayi: maola, maziko amene mwana anachoka nawo ku sekondale, moyo umene akukhala kumeneko, ndi zimene mayeso komanso thupi lake zikunena.

Tisanayeze, tidziwe kaye chimene mwana wathu wakumana nacho. Titenge yunivesite yathu yakale kwambiri, University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966. Kwa zaka zambiri, mwana wofuna udokotala, uinjiniya, za migodi, za ulimi kapena udokotala wa ziweto wakhala akuyambira ku sukulu ya Natural Sciences, imene ophunzira amangoitcha NS. Chaka choyamba amaphunzira makosi anayi akuluakulu: bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu. Kholo likamva zoti anayi okha limadabwa. Ku Giredi 12 mwanayu ankatenga maphunziro 8 kapena kupitirira, nanga anayi amulepheretsa bwanji? Yankho lake ndi loti zimene ku sekondale zinkatenga temu yonse, kumeneko zimatha m'masabata ochepa, ndipo palibe mphunzitsi amene amakulondola kuti aone ngati walemba homuweki. Kuwonjezera apo pali mpikisano. Kukhoza kokha sikukwanira, chifukwa malo a udokotala ndi uinjiniya ndi owerengeka, ndipo amapita kwa amene apeza mapointi apamwamba. Ophunzira amati kupanga kota. Choncho mwana akhoza kukhoza makosi onse anayi koma n'kuimba foni akulira, chifukwa kota ya udokotala yamudutsa.

Ana athu ena ali ku Copperbelt University ku Kitwe, ena ku Mulungushi ku Kabwe, ena ku Levy Mwanawasa Medical University, ku Evelyn Hone kapena ku NRDC ku Lusaka. Ena sanapite kutali, akuphunzira unamwino ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami ku Chipata. Madongosolo awo amasiyana, koma sayansi ili ndi makhalidwe awiri amene amapezeka paliponse. Loyamba ndi loti siphunziridwa ndi makutu okha. Pali labu, kumene wophunzira amakhala masana onse akuyeza ndi kusakaniza, kenako n'kukalemba lipoti usiku. Wa unamwino ali ndi mawodi, nthawi zina mpaka ntchito ya usiku, kwinaku mayeso akumudikira. Khalidwe lachiwiri ndi loti phunziro la sabata ino limatsamira pa la sabata yatha. Amene sanamvetse mawerengedwe a ma mole mu kemisitiri sangathe masamu a titration mu labu. Amene ma logarithm anamudutsa adzakakamira pa pH. Amene trigonometry sanaigwire adzaima pa ma vector mu fizikisi. Mu sayansi, sabata imodzi yotayika imabala ina, ndipo ngongole yake imakula mwakachetechete.

Tsopano muyeso woyamba, maola. Tengani pensulo ngati muli nayo pafupi, tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168, kwa wolemera ndi wosauka yemwe. Tichotsepo tulo, maola 8 usiku uliwonse, amene ndi 56 pa sabata. Atsala 112. Tichotsenso kudya, kusamba, kuchapa ndi kuphika, tinene maola 3 pa tsiku, amene ndi 21. Atsala 91. Amenewa ndiwo maola amene mwana ali nawo m'manja.

Nanga maphunziro akufuna angati? Tiyerekeze ndandanda yotere: kosi iliyonse ili ndi maola 3 a lekichala ndi ola limodzi la tutorial pa sabata. Makosi anayi akupanga maola 16. Makosi atatu ali ndi labu ya maola 3, amenewo ndi 9. Pamodzi ndi maola 25 okhala m'kalasi ndi mu labu. Koma maola a m'kalasi ndi gawo laling'ono chabe. Ku makoleji a ku America kuli lamulo lakale loti ola limodzi la lekichala limafuna maola awiri owerenga pawekha. Maola 12 a lekichala akufuna 24. Malipoti atatu a labu, tinene maola 2 lililonse, ndi 6. Tikaphatikiza 25, 24 ndi 6, tikupeza maola 55 pa sabata.

Maola 55 ndi ambiri, amaposa sabata ya munthu wolembedwa ntchito mu ofesi. Koma pa 91 aja akukwana, ndipo akutsala 36 oti mwana apite ku tchalitchi, acheze ndi anzake, atambasule miyendo. Ameneyu katundu wake ndi wolemera, koma ndi wonyamulika. Akadandaula, mutonthozeni, koma musamuuze kuti abwere.

Akuluakulu oyang'anira maphunziro nawonso amawerenga maola chomwechi. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito ya wophunzira, m'kalasi ndi kunja komwe, ndipo chaka chathunthu chimakhala ndi makirediti 120, kutanthauza maola 1,200. Mukawagawa pa masabata 30, ndi maola 40 pa sabata. Ku Ulaya chaka chimawerengedwa pakati pa maola 1,500 ndi 1,800. Koma mawerengedwe onsewa amaganizira wophunzira wapakatikati, amene wafika atakonzeka, ali ndi pogona, ali ndi nyale. Kodi mwana wathu wa ku Petauke ndi ameneyo? Apa ndi pamene muyeso wachiwiri ukulowa.

Muyeso wachiwiri ndi maziko. Ana awiri akhoza kulowa m'kalasi imodzi ndi mapointi ofanana a Giredi 12, koma atanyamula zosiyana. Pa mayeso a Examinations Council of Zambia pali njira ziwiri za sayansi. Ena amalemba fizikisi payokha ndi kemisitiri payokha, zimene ana amati ma pure. Ena amalemba phunziro limodzi lotchedwa Science, limene limaphatikiza ziwirizi ndipo silizama mofanana. Palinso Additional Mathematics, imene imamulawitsa mwana calculus asanafike ku yunivesite, koma si sukulu iliyonse imene imaiphunzitsa. Amene anachita ma pure ndi Additional Mathematics, miyezi yoyamba amakhala akubwereza zimene anaonapo. Mnzake amakhala akuziona koyamba, pa liwiro lomwelo, ndipo tesiti yake ndi yomweyo.

Onjezanipo nkhani ya labu. Mwana amene zida zoyezera anangoziona zojambulidwa pa bolodi, tsiku loyamba mu labu manja amanjenjemera, ndipo ntchito ya ola limodzi imamutengera awiri. Onjezanipo Chingerezi. Kulemba Chingerezi chokhoza mayeso n'kosiyana ndi kumva lekichala amene akulankhula mothamanga m'holo yodzaza anthu mazana, iwe uli kumbuyo kwenikweni.

Tibwerere ku masamu athu. Mwana amene maziko ake ali ndi mipata sangamalize m'maola 24 owerenga payekha. Tinene kuti akufunika kuwirikiza, maola 48, chifukwa akuphunzira za lero kwinaku akutseka za dzulo. Tsopano 25, 48 ndi 6 zikupanga 79. Pa 91 paja patsala 12 okha. Mwanayu si wopusa, ndipo si waulesi. Akugwira ntchito yoposa ya mnzake kuti apeze malikisi ochepera. Chosangalatsa n'chakuti mpata wotere umatsekeka. Ambiri amene amapirira chaka choyamba ndi njira yabwino amapeza kuti chaka chachiwiri kusiyana kuja kwachepa. Koma umatsekeka pokhapokha ngati maola otsalawo sakudyedwa ndi zina.

Ndiye tafika pa muyeso wachitatu, moyo wa kumeneko. Apa, makolo anzanga, nditchereni khutu, chifukwa apa ndi pamene ife tikukhudzidwa. Malo ogona pa yunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, nkhani imene aliyense wa ku Lusaka amaidziwa. Ena amasikwata m'chipinda cha mnzawo, kugona pansi, osakhala ndi tebulo lawolawo. Ena amachita lendi ku Kalingalinga kapena ku Ng'ombe. Ena timawasiya kwa azakhali kutsidya lina la mzinda kuti tipulumutse ndalama, osaganiza kuti minibasi idzawadyera ola limodzi kupita ndi lina kubwera. Amenewo ndi maola 10 pa sabata. Pa 12 aja atsala 2. Ndipo kwa azakhali mwana wamkazi sangangokhala ndi buku pamene mbale zili m'sinki ndi ana akulira. Adzaphika, adzachapa, adzalera, chifukwa tinamulera bwino. Maola amenewo achokera kuti? Achokera ku tulo.

Magetsi nawonso ali m'nkhaniyi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, madera ambiri ankakhala opanda magetsi pafupifupi tsiku lonse. Wophunzira amene manotsi ake onse ali pa foni, batire ikatha maphunziro amaimanso. Njala nayonso. Ndalama ya chakudya ya ophunzira a ngongole ya boma inachotsedwa mu 2019 ndipo inabwezeretsedwa mu 2023, koma si mwana aliyense amene amapeza ngongole imeneyi, ya bungwe la HELSB, ndipo ambiri a m'makoleji ena sali m'gululo. Amene alibe amagulitsa tinthu, amaluka tsitsi, amaphunzitsa ana a eni madzulo. Ndi khama loyamikika, koma ndi maola.

Palinso katundu amene timamutumizira ife tokha kuchokera kuno, makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka. Maliro akachitika timati abwere, ngakhale ndi a m'bale wapatali, ndipo ulendo wopita ndi kubwera pamodzi ndi masiku a pamaliro umadya sabata. Mkangano wa munda ukabuka timamuimbira, poti ndiye wophunzira wa pabanja. Akalandira kandalama ka chakudya timamupempha kuti atumizeko ka feteleza. Ndiyeno Disembala akabwera ndi zotsatira zoipa timati Lusaka yamuononga. Kawirikawiri chimene chalemera si sayansi. Ndi sayansi pamodzi ndi lendi, njala, minibasi ndi mavuto a kumudzi, zonse pa msana umodzi.

Muyeso wachinayi ndi umboni: mayeso akuti chiyani, thupi likuti chiyani. Masukulu athu ambiri amawerengera malikisi a m'kati mwa chaka, amene ophunzira amati CA, ochokera ku matesiti, ma assignment ndi malipoti a labu. Malikisi amenewa ndiwo chenjezo loyambirira, ndipo amabwera nthawi ikadalipo yokonza zinthu. Kulephera tesiti yoyamba si chachilendo, ngakhale kwa ana amene anapambana kwambiri ku Giredi 12. Chofunika ndi kumene malikisi akulowera. Ngati tesiti yoyamba anapeza 35, yachiwiri 45, yachitatu 55, mwanayo akukwera, musiyeni akwere. Ngati kosi imodzi yokha ndiyo ikuvuta, vuto lili pa kosiyo, ndipo mankhwala ake ndi thandizo pa kosiyo. Koma ngati makosi atatu mwa anayi akutsika limodzi, malipoti a labu ayamba kuchedwa, ndipo akujomba kalasi ina kuti amalize ntchito ya kalasi inzake, pamenepo katundu wapitirira.

Wophunzira amene ukundimva, pali muyeso wina umene ungadzipime nawo wekha usiku uno. Tseka buku, tenga funso la m'pepala la chaka chatha pa mutu umene wawerenga sabata ino, uliyankhe osasuzumira. Ukatha, maola ako akubala zipatso. Ukakanika, ngakhale unakhala mu laibulale mpaka usiku, vuto likhoza kukhala kawerengedwe kako osati kuchuluka kwa ntchito. Ku sekondale ambiri tinakhoza ndi kuloweza manotsi. Masamu ndi fizikisi za ku yunivesite zimalowa ndi pensulo, funso pambuyo pa funso. Ndiponso katswiri wa ku Germany Hermann Ebbinghaus anaonetsa kalekale, mu 1885, kuti zambiri zimene munthu waphunzira zimaiwalika msanga ngati sazibwereza, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumasunga bwino kuposa kuunjika zonse nthawi imodzi. Ola limodzi la kemisitiri tsiku lililonse limaposa usiku wonse wa Lamlungu.

Thupi nalonso limalankhula. Kutopa pa nyengo ya mayeso n'kwa aliyense. Koma mwana akamagona maola 4 okha kwa masabata angapo, akamaonda, mutu ukamamupweteka tsiku ndi tsiku, akasiya kuyankha foni, kapena akayamba kunena kuti moyo ulibe phindu, imeneyo sinkhani ya malikisi ayi. Apite ku kiliniki ya pasukulu kapena kwa alangizi a ophunzira tsiku lomwelo, ndipo wachibale amene ali pafupi akamuone ndi maso. Digiri imadikira, ikhoza kutengedwa chaka chamawa.

Tayeza. Nanga tichite chiyani ndi zimene tapeza?

Ngati vuto ndi maziko kapena kawerengedwe, mankhwala oyamba ndi anzake. M'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa masamu Uri Treisman ku yunivesite ya California ku Berkeley anafufuza chifukwa chimene ophunzira akuda ambiri ankalepherera calculus pamene anzawo ochokera m'mabanja a Chitchaina ankakhoza. Anapeza kuti olepherawo sanali aulesi. Ankawerenga mwakhama, koma aliyense payekha, pamene enawo ankawerenga payekha kenako n'kukumana kuti afunsane ndi kukonzana zolakwa. Atakhazikitsa magulu othetsera limodzi masamu ovuta, zotsatira zinasintha kwambiri. Ana athu ochokera kumudzi amagwa m'mbuna yomweyi. Anazolowera kukhala oyamba, ndiye kufunsa amakuona ngati kudzitsitsa, makamaka pamaso pa ana a m'tauni olankhula Chingerezi chosalala. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Wophunzira iwe, peza anzako atatu kapena anayi a khama, usaphonye tutorial, gogoda pa ofesi ya lekichala ndi funso lolembedwa kale papepala, ndipo funsa amene anadutsa chaka chatha kuti akuonetse mapepala akale.

Ngati vuto ndi moyo wa kumeneko, mankhwala ali kuno kwathu. Banja likhale pansi, amalume atsogolere monga mwa mwambo wathu, ndipo ligwirizane zinthu zomveka. Mwana akhale pafupi ndi sukulu ngakhale chipinda chikhale chodulirapo, chifukwa ndalama imene tikupulumutsa pa lendi tikuilipira ndi maola ake. Ufa, nyemba ndi nsinjiro zikwere basi mwezi ndi mwezi. Nyale ya sola igulidwe. Maliro apatali apite ena kukaimira banja, ndipo nkhani za minda zidikire holide.

Ngati zonsezi zachitika koma katundu akadali wopitirira, pali njira zaulemu zochepetsera, ndipo zonse zimayamba ndi kulankhula msanga. Masukulu ambiri ali ndi lamulo lolola wophunzira kuimitsa maphunziro ndi chilolezo pa zifukwa za matenda kapena mavuto aakulu, n'kudzabwerera. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi kungosowa osauza munthu, kapena kudikira mpaka sukulu ikuchotse chifukwa cholephera. Amene ali ndi kosi yobwereza asaumirire kuiunjika pamwamba pa makosi onse a chaka chatsopano asanakambirane ndi mkulu wa dipatimenti. Ndipo amene ali pa ngongole ya boma afunse kaye kuti kubwereza kapena kusintha kosi kukhudza bwanji ngongoleyo.

Kusintha njira nakonso si imfa. Zipatala za Kalindawalo, Minga ndi Nyimba siziyenda ndi madokotala okha. Zimafuna anamwino, azamba, oyeza magazi mu labu, a mankhwala, ojambula mafupa. Alimi athu a chimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa akufuna alangizi odziwa nthaka ndi matenda a ziweto. Masukulu athu akufuna aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ntchito imene Mukuba University ku Kitwe imaphunzitsa. Mwana amene kota ya udokotala yamudutsa koma wakhoza sayansi yake sanalephere kanthu. Chokhacho, musanalipire kusukulu ina iliyonse, fufuzani ngati ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority kapena ku TEVETA, ndipo ngati ndi za umoyo, ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi Health Professions Council of Zambia kapena Nursing and Midwifery Council of Zambia. Kosi yopepuka kwambiri imene pepala lake silipatsa ntchito ndi yodula kuposa yolemera.

Ndisaiwale inu aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma amene mukuwonjezera maphunziro muli pa ntchito. Masamu aja akukhudzani kwambiri. Pa maola 91, ntchito yatenga kale 40, banja latenga ake. Mukalembetsa makosi onse a chaka chathunthu, mukufuna maola ena 40 amene mulibe. Ngati sukulu yanu imalola, tengani makosi ochepa, mumalize mochedwerapo koma mutamvetsa. Sayansi yophunzira patali imafunanso labu pa nthawi ya residential, ndiye muwerengeretu masiku ndi ndalama za ulendowo musanasaine fomu.

Palinso mbali ya amene akutitsogolera. Ku South Africa, mayunivesite monga Cape Town ndi Pretoria ali ndi dongosolo loti wophunzira wa luso koma wochokera ku sukulu yosowa zipangizo atenge digiri ya sayansi ya zaka 3 m'zaka 4, ntchito ya poyamba itatambasulidwa kuti maziko alimbe. Sachepetsa zimene ayenera kudziwa, amangomupatsa nthawi. Ndi nzeru yoyenera kuiganizira kuno. Dongosolo latsopano la maphunziro limene dziko lathu linayamba mu 2025 likubweretsa Fomu 5 ndi Fomu 6, zimene zingachepetse phompho la pakati pa sekondale ndi yunivesite, koma zidzathandiza mwana wa kumudzi pokhapokha ngati sukulu yake ili ndi labu ndi mphunzitsi wa fizikisi. Ndipo apa tili ndi mawu. Ndalama ya chitukuko cha m'madera, ya CDF, inakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwera kuyambira pamenepo. Inu a m'makomiti a chitukuko a m'mawodi ku Petauke Central, ku Kaumbwe ndi ku Nyimba, pamene mukulemba zofuna za dera lanu, labu yokhala ndi zida ndi madzi ikhale pa mndandanda. Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 adzaza makalasi, ndipo ana ofuna sayansi achuluka. Katundu wa chaka choyamba ku yunivesite amayamba kupepuka kapena kulemera mwana akadali ku sekondale.

Ndipo iwe amene wangomaliza Giredi 12 ndipo ukudikira kalata yokuitana, miyezi imeneyi si yongokhala pa sitolo. Bwereka buku la Additional Mathematics, pempha aphunzitsi ako akale kuti akuonetse algebra, ma logarithm ndi chiyambi cha calculus. Ola limodzi pa tsiku panopa lidzakubwezera tulo tambiri chaka chamawa.

Omvera anga, nthawi yatithera. Mwana akadzaimba kuti zavuta, musathamangire kunena kuti limba mtima, ndipo musathamangire kunena kuti bwerako. Mufunseni mafunso anayi. Maola ako a sabata akupita kuti? Ndi mutu uti weniweni umene sukuumva? Ukugona kuti, ukudya chiyani, ukuwerengera nyale yanji? Malikisi ako akukwera kapena akutsika? Mayankho ake akuuzani ngati akufunika anzake owerenga nawo, thumba la ufa, chipinda chapafupi, dokotala, kapena njira ina. Ndipo musadikire kuti iye ayambe kuimba. Muimbireni sabata ino, CA isanatsekedwe.